Tinkati Phulusa wanenepa bwino, osadziwa kuti tikumupweteka

Phulusa anafika pakhomo pathu ku Area 25 mu Epulo 2023, ali m'katoni ya sopo yoboolaboola m'mbali. Anabwera naye ndi achimwene anga a ku Dedza, amene amaweta akalulu a ndiwo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo maganizo awo anali oti akakula tidzamudyere nsima. Koma mwana wanga wamkazi, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 9, atangosuzumira m'katonimo anagwada pansi n'kunena kuti, "Amalume, ameneyu sitidya ayi." Achimwene anaseka n'kuyankha kuti, "Chabwino mwanawe, ndi wako. Koma uzimudyetsa, asamagone ndi njala." Anali kalulu wamkazi wa miyezi itatu, ubweya wake wotuwa ngati phulusa la pamafuwa, ndipo dzina linachokera pomwepo.

Mawu aja oti asamagone ndi njala tinawagwiritsitsa zedi. M'mawa uliwonse mbale yake inkadzaza madeya, nthawi zina osakaniza ndi chakudya chogula cha nkhuku, popeza tinali ndi nkhuku zisanu pakhomo. Masana ankalandira mkute wa nsima, nyenyeswa za buledi, nthochi yakupsa, ndipo karoti anali wa tsiku ndi tsiku chifukwa mwana anaona pa TV kuti akalulu amadya karoti. Chisoso ndi kholowa tinkamuthyolera zikapezeka, koma chilimwe chitafika masamba anasowa. Udzu wouma tinkangouyala pansi kuti azigonapo. Sitinkauona ngati chakudya.

Achimwene sanandinamize pamene anati kalulu amadya chilichonse. Akalulu awo amaphedwa asanathe miyezi isanu ndi umodzi, ndiye madeya amawathandiza kuti akule msanga. Koma kalulu woweta ngati bwenzi la pakhomo amatha kukhala zaka 8 mpaka 10, ena kupitirira apo. Ife tinatenga kadyetsedwe ka kalulu wa mumphika n'kukaika pa kalulu woti tikhale naye zaka zambiri, ndipo ine sindinafunse wina aliyense.

Khola tinakhometsa kwa kalipentala wa pafupi, lamatabwa, pansi pake waya, kukula kwake ngati tebulo laling'ono. Miyezi yoyambirira mwana ankamutulutsa akaweruka kusukulu. Phulusa ankathamanga kuzungulira mtengo wa mango, kenako n'kudumpha m'mwamba kwinaku akupotoza thupi ndi kugwedeza mutu, n'kutera chafufumimba n'kuyambiranso. Poyamba ndinkaopa kuti wagwidwa ndi khunyu. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kalulu amatero akasangalala. Akatopa ankadzigwetsa cham'mbali kuti khu, miyendo ili tambalale, maso atatsinzina. Ankakhuza chibwano chake pamiyendo ya mpando, pansapato, ngakhale pamakina anga osokera, kusiya fungo lake kuti zinthuzo ndi zake. Usiku mphaka wa aneba akadutsa pampanda, tinkamva kumenya pansi ndi miyendo yakumbuyo, gu, gu, kuchenjeza.

Pofika Sepitembala anali atanenepa kwambiri. Alendo akabwera ankati, "Koma ndiye mukumusamalatu! Taonani kusalala kwake." Ine mtima unkakhala m'malo. Kwathu kuno munthu akakuuza kuti wanenepa ndiye kuti wakuyamikira, ndipo chiweto chonenepa ndi ulemu wa mwini wake. Pansi pa chibwano chake panatuluka chimnofu cholendewera ngati pilo. Akalulu aakazi ambiri amakhala nacho ndithu, koma cha Phulusa chinkafika pansi akakhala.

Zizindikiro zinalipo, ndipo ndinaziona zonse ndi maso angawa. Kudumpha kuja kunatha. Mwana akatsegula khola, Phulusa ankangotuluka masitepe atatu n'kugona pamthunzi. Ndinkati wakula, wadekha. Anasiya kuima ndi miyendo iwiri yakumbuyo posuzumira. Posamba ankangopukuta kumaso ndi timanja take, koma kutembenuka kuti anyambite msana ndi kumchira sankatha. Ukamugwira chakumbuyo ankalira chamumtima ngati akung'ung'udza, ndipo tsiku lina analuma mwana pachala. Ndinati wayamba nkhanza. Pansi pa mapazi akumbuyo ubweya unayamba kusosoka, khungu lili psuu, chifukwa cha kulemera kwake pawaya paja.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndikamakumbuka ndi cha ndowe. Kalulu amatulutsa ndowe za mitundu iwiri. Pali timibulu touma tija timaona mbwee m'khola, timene kalulu wathanzi amatulutsa mazanamazana pa tsiku. Palinso zina zofewa, zonyezimira, zogwiranagwirana ngati zipatso za mabulosi, ndipo zimanunkha. Zimenezi kalulu amazidya yekha zikamatuluka, makamaka usiku ndi mbandakucha. Amapinda thupi n'kuzilandira ndi kamwa zisanagwe pansi, chifukwa m'menemo ndi mmene amapezamo mavitamini ndi zina zofunika m'thupi. Pa kalulu wabwinobwino simungazione kawirikawiri. Ine ndinkazipeza m'mawa uliwonse zitapondedwapondedwa pathabwa, ndipo ndinkangoti wadya masamba ambiri, watsegula m'mimba. Ndinachepetsa masamba n'kuwonjezera madeya kuti m'mimba mulimbe. Zoona zake zinali zoti mimba ndi chimnofu chapakhosi chija zinkamutsekereza kufika kumbuyo, komanso chakudya chonona chinkapangitsa kuti ndowe zofewazo zichuluke. Zina zinkamatirira paubweya wa pansi pa mchira, pamalo pamene ine sindinkayang'ana n'komwe.

Okutobala ndi Novembala kunatentha monga kumachitira ku Lilongwe. Phulusa ankagona chotambasuka, kupuma mofulumira, makutu ali otentha. Kalulu satuluka thukuta ngati ife. Kutentha kwa m'thupi kumatulukira m'makutu, ndipo wonenepa amavutika kawiri. Kenako mvula inagwa, mango anayamba kupsa n'kumagwa pansi pafupi ndi khola, ntchentche zobiriwira zija zinadzaza pabwalo.

Loweruka lina kumayambiriro kwa Disembala mwana anabwera kukhitchini akuthamanga. "Amayi, Phulusa sakudzuka. Ndipo akununkha." Ndinamupeza atadzipanikiza pakona, mutu uli pansi, madeya a dzulo osakhudzidwa. Ankakukuta mano mokweza moti ndinkamva ndili chiimire. Nditamunyamula n'kutukula mchira, ndinaona mphutsi zoyera zikuyendayenda m'kati mwa ubweya womatana ndi ndowe, zina zitalowa kale pakhungu. Miyendo inandizizira. Mwana anayamba kulira, misozi ili mbwembwembwe, akufunsa kuti, "Amayi, afa?"

Aneba anamva kulirako n'kubwera. Mayi wina anati tithire parafini, wina anati mankhwala ophera nkhupakupa a galu, winanso anati ali ndi makapisozi otsala a amoxicillin tisungunule m'madzi timumwetse. Onse ankafuna kutithandiza ndithu. Bambo a mwanayu, omwe ndi munthu wachifundo koma woona zinthu mwachindunji, anandikokera pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, ndalama zake zingagule akalulu ena angapo. Mwina tingomupumitsa." Ndinayang'ana mwana, amene anali atavula juzi yake n'kumufunditsa kalulu. Ndinati, "Bambo, tiyeni tiyese kaye kamodzi kokha."

Ndikuthokoza Mulungu kuti mantha anandigwira manja, sindinathire chilichonse. Adokotala anadzandiuza kuti parafini amawotcha khungu lomwe lili kale ndi bala. Mankhwala ena a utitiri ndi nkhupakupa a agalu ndi amphaka, makamaka okhala ndi fipronil, amapha kalulu. Amoxicillin ndi ena a gulu la penicillin, kalulu akamwa, amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake ndipo akhoza kufa ndi kutsegula m'mimba. Musamumize m'madzi kuti mumusambitse. Kalulu wodwala akanyowa thupi lonse amazizidwa msanga. Ngati mwaona mphutsi, tolani zimene zikuoneka pamwamba, mukulungeni pansalu youma, nyamukani nthawi yomweyo. Mazira a ntchentche nyengo yotentha amaswa tsiku lisanathe, choncho za mawa palibe.

Tinamuika m'dengu, tinavindikira ndi chitenje, n'kukwera minibasi yopita m'tauni. Tinataya nthawi yambiri chifukwa sindinkadziwa kopita. Malo oyamba amene tinafika anali ogulitsa mankhwala a ziweto chabe, dokotala kunalibe. Achiwiri anali otseka. Tinafika kwa dokotala wa ziweto dzuwa lili paliwombo, patatha maola anayi chimuonereni. Ngati muli ndi kalulu, funsiranitu lero kumene kuli dokotala wodziwa akalulu, ndipo nambala yake ikhale m'foni mwanu. M'minibasi muja bambo wina atamva kuti m'dengu muli kalulu wopita kuchipatala anaseka mpaka kugwira m'mimba. Sindinamuyankhe.

Adokotala anamubaya jakisoni wochepetsa ululu ndi womugonetsa pang'ono, anameta ubweya wonse wakumbuyo, n'kuyamba kutola mphutsi imodziimodzi ndi kachitsulo. Zinatenga pafupifupi ola lathunthu. Anatsuka mabala, anamupatsa madzi kudzera pansi pa khungu, n'kunena kuti tachita mwayi, mphutsi sizinalowe mkati kwambiri. Kenako anamuika pasikelo. Inawerenga makilogalamu 4.1.

"Mayi, pakati pa inu ndi mwanayu, amamuyeza ndani?" anafunsa motero.

Ndinati, "Adokotala, kalulunso amayezedwa?"

Sanaseke. Anagwira dzanja langa n'kuliika pambali pa Phulusa. "Pezani nthiti." Ndinasisita, ndinadina, koma ndinangomva zofewa ngati mtanda wa mandasi. "Pezani msana." Sindinaupeze. Anandiuza kuti ndifumbate dzanja pang'ono n'kusisita kuseri kwake, pamene mafupa amamveka pansi pa khungu koma osabaya. "Nthiti za kalulu wathanzi zimamveka choncho. Mukazimva zakuthwa ngati mano a chipeso, waonda. Mukazisowa, wanenepa. Diso lokha lidzakunamizani nthawi zonse, chifukwa ubweya umabisa zonse ziwiri." Anati akalulu amasiyana: New Zealand White wamkulu amatha kufika makilogalamu 5 ali bwinobwino, pamene Dutch amangokwana awiri. Phulusa ndi wosakanizika mtundu, ndipo poona mafupa ake anayenera kukhala pafupi ndi makilogalamu atatu. Anali atasenza kilogalamu yathunthu ya mafuta. Anamaliza ndi kunena kuti ntchentche zangomalizitsa, koma vuto linayambira m'mbale.

Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo chimene chinandibwerera m'maganizo ndi masiku a kusikelo. Mwana wangayu sindinamuphonyetse sikelo ngakhale mwezi umodzi mpaka atakwanitsa zaka zisanu. Ndinkadziwa bwino kuti mzere wa m'kabuku kaja ndi umene umanena zoona mayi asanaone kanthu. Koma pa kalulu, amene sangalire n'komwe kuti wadwala, ndinkadalira maso.

Tsiku limenelo tinalipira K38,000, osawerengera mayendedwe. Kwacha inali itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, ndipo chilichonse chinali chitakwera. Ndinakabwereka kubanki mkhonde. Ine ndine telala, ndipo Disembala ndi mwezi wa madiresi a Khirisimasi, koma sabata imeneyo makina anagona masiku atatu. Phulusa tinamulowetsa m'nyumba, m'chipinda chosungira katundu, pamphasa ndi zitenje zakale. Mabala tinkatsuka kawiri pa tsiku monga anatilangizira, ndipo patatha milungu itatu anali atapola.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwa kumeneku kunatsala pang'ono kumupha kuposa mphutsi zija. Adokotala anali atanena kuti akachira tidzakambirane za kadyedwe, ndipo tisinthe pang'onopang'ono. Ine chikumbumtima chinkandiwawa, ndinafuna kukonza zinthu tsiku limodzi. Kumayambiriro kwa Januwale 2024 ndinachotsa madeya onse, buledi, karoti, chilichonse, n'kumuunjikira udzu wouma umene ndinapempha kwa munthu woweta ng'ombe za mkaka. Ndinauza mwana kuti, "Akamva njala adya yekha." Mmenemo ndi mmene timachitira ndi mwana wokana ndiwo.

Phulusa anaununkhiza udzuwo n'kutembenuka. Tsiku loyamba sanadye. Madzulo ake timibulu ta ndowe tinali tochepa, tating'onoting'ono, touma ngati mapira. M'mawa wa tsiku lachiwiri pamphasa panalibe kambulu ngakhale kamodzi. Anakhala chounjikana, maso atatsinzina mwatheka, kukukuta mano kuja kutayambiranso. Nditamupatsa nthochi imene ankaikonda, sanaiyang'ane. Makutu anali ozizira.

Ndinaimba foni, ndipo adokotala anangofunsa funso limodzi: "Wadya komaliza liti?" Nditayankha anati, "Bwerani pompano, Mayi." Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna aliyense woweta kalulu achidziwe. Matumbo a kalulu amayenera kuyenda usana ndi usiku. Akasiya kudya, matumbo amaima, mpweya umadzaza, ululu umakula, ndipo ululuwo umamuletsanso kudya. Kalulu sasanza, choncho chimene chaima mkati chilibe kotulukira kwina. Ndipo kalulu wonenepa ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa thupi likasowa chakudya limakokera mafuta ambiri kuchiwindi mpaka chiwindicho kulephera kugwira ntchito. Kalulu akatha maola 12 osadya kapena osatulutsa ndowe, musadikire kuti muone mawa.

Anamupapasa pamimba kaye kuti aone ngati matumbo sanatsekeke. Izi n'zofunika: ngati mimba yatupa n'kulimba ngati ng'oma, musamukakamize chakudya kunyumba, mungamuwonjezere vuto. Ya Phulusa inali yofewa. Anamupatsa madzi pansi pa khungu, mankhwala a ululu ndi oyendetsa matumbo, n'kundiphunzitsa kumudyetsa ndi sirinji yopanda singano. Tinkanyika mapeleti, chakudya chogula cha akalulu, m'madzi ofunda mpaka akhale ngati phala la mwana, kumukulunga pachitenje miyendo ili pansi, kulowetsa sirinji pambali pa kamwa kuseri kwa mano akutsogolo, n'kufinya pang'ono kwambiri, kudikira ameze. Maola anayi alionse, usiku womwe. Ine ndi bambo ake tinkasinthana. Bambo omwe aja ankati timupumitse ndi amene ankadzuka 2 koloko usiku, tochi ili kukamwa, akumunyengerera kuti, "Meza, iwe, meza."

Usiku wachiwiri mwana anabwera kuchipinda kwathu atafumbata kanthu. Anatambasula dzanja pansi pa nyali: timibulu titatu takuda, topindikapindika. "Amayi, wachita." Tinakhala pansi tonse atatu kuyang'ana ndowe za kalulu, ndipo ine ndinalira. M'mawa mwake anadya tsamba limodzi la chisoso yekha. Ulendo umenewu unatidyera K25,000, ndipo m'masiku asanu okha anatsika kufika makilogalamu 3.85, kutsika kumene adokotala anati n'koopsa, osati kosangalatsa.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kuchita za m'mutu mwanga. Choyamba chinali sikelo. Ndinayesa kubwereka yopachika ija ya ogula soya ndi chimanga, koma inkalendewera, Phulusa ankachita mantha n'kumaphiriphitha m'thumba, ndipo muvi wake sungaonetse kusintha kwa magalamu 30. Kalulu akamaphiriphitha ali m'malere akhoza kuthyoka msana, chifukwa miyendo yake yakumbuyo ndi yamphamvu kuposa mafupa ake. Pa chifukwa chomwecho musamunyamule ndi makutu monga tinazolowera; dzanja limodzi pachifuwa, lina lichirikize matako. Ndinagula sikelo ya kukhitchini ya mabatire, yofika makilogalamu 5, pa K15,000. Timaika beseni lapulasitiki pamwamba, kansalu m'kati kuti asaterereke, kudina batani kuti ibwerere pa ziro, kenako kumuika iye. Sikelo imakhala pansi pasimenti, osati patebulo, kuti akadumpha asavulale. Timayeza Lamlungu lililonse m'mawa, asanadye mapeleti, ife tisanapite kutchalitchi. Nthawi ikhale yomweyomweyo, chifukwa kalulu wokhuta ndi wanjala amasiyana magalamu ambiri ndithu. Mwana ndi amene amalemba m'kope lake lakale la masamu: tsiku, kulemera, ndi mawu ochepa a mmene ndowe zikuonekera komanso ngati kumbuyo kuli koyera.

Kusintha chakudya kunatenga milungu inayi. Madeya tinawabwezera kaye m'mbale, kenako tinkachepetsa pang'ono masiku angapo alionse, kwinaku tikuika mapeleti a akalulu m'malo mwake, mpaka madeya anatheratu. Mapeletiwo ndi magalamu 50 pa tsiku, theka m'mawa theka madzulo. Ndinayeza kamodzi n'kuika chizindikiro pakachitini kakang'ono ka tomato, kuti aliyense pakhomo asamapitirire mzerewo. Chovuta chinali udzu. Poti inali nyengo ya mvula, tinayamba ndi udzu wauwisi, kapinga ndi nsenjere zanthete, pang'ono tsiku loyamba n'kumawonjezera. Kenako tinkasakaniza ndi wouma, n'kubisamo timasamba ta chisoso ndi timapeleti kuti azifufuza. Adokotala anati mulu wa udzu wa tsiku limodzi uzikula ngati thupi la kaluluyo, ndipo usamathe m'khola. Masamba, dzanja limodzi lodzaza m'mawa ndi lina madzulo: chisoso, kholowa, masamba a mabulosi, masamba a karoti. Karoti weniweniyo ndi nthochi zinasanduka za apo ndi apo, kachidutswa ngati chala chachikulu. Mapeyala ndi masamba ake musamupatse n'komwe, ndi poizoni kwa kalulu.

Mu Malichi ndi Epulo ndinamweta udzu wambiri usanakhwime, ndinauyanika masiku atatu ndikuutembenuza, n'kuusunga m'matumba pamwamba pa thandala. Thumba limodzi linachita nkhungu chifukwa ndinafulumira kulimanga, ndipo ndinalitaya lonse. Udzu wabwino umanunkhira ndipo umakhalabe wobiriwirako. Musamwete m'mbali mwa msewu kapena m'munda mmene apopera mankhwala opha udzu. Waya wa pansi pa khola tinauphimba ndi matabwa, mbali imodzi ya khonde tinaitchinga kuti akhale ndi pothamangira, ndipo neti yakale ya udzudzu tinaikuta kunja kwa khola, pamene sangaitafune. Nyengo ya ntchentche ndimatukula mchira wake m'mawa ndi madzulo.

Kope lija linayenda pang'onopang'ono: 3.82, 3.80, 3.76. Sabata zina magalamu 20, zina 40, zina osasuntha. Panali mwezi wina umene manambala anaima milungu itatu, ndipo titafufuza tinapeza kuti agogo ake a mwana, amene anabwera kudzacheza, ankamupatsa chimanga chokazinga mobisa. "Mukumuzunza mwana wa eni," ankatero. Ndinawatengera kukhola, ndinaika dzanja lawo pambali pa Phulusa monga adokotala anachitira ndi ine, n'kuwaonetsa chipsera cha pansi pa mchira. Sanabwerezenso. Cha mu Meyi ndowe zofewa zija zinasiya kuoneka pansi, ndipo m'mawa wina ndinamuona atapinda thupi, mutu uli pakati pa miyendo, kenako n'kudzuka akutafuna. Mu Juni, chisisira chitagwa, anathamanga kuchoka pakhonde n'kudumpha m'mwamba akupotoza thupi, koyamba m'miyezi isanu ndi inayi. Mwana anakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Pofika Ogasiti anali pa makilogalamu 3.2, nthiti zikumveka bwino pansi pa zala, ndipo adokotala anati tiimire pomwepo.

Ndinkaganiza kuti sikelo yatha ntchito, ndipo ndinatsala pang'ono kuibweza kukhitchini. Mwana ndi amene anakana. Kumapeto kwa Sepitembala 2024 analemba 3.20, sabata yotsatira 3.14, inayo 3.05. Ife sitinasinthe chilichonse m'mbale. Phulusa ankaoneka chimodzimodzi, ubweya uli bwino, kuthamangira chakudya monga mwa masiku onse. Ine ndinati ndi kutentha kwa Okutobala, nafenso timadya pang'ono. Koma mwana anaika chala pakope n'kunena kuti, "Amayi, magalamu 150 m'milungu iwiri. Munati tikaona chonchi tiziimba foni."

Madzulo amenewo ndinakhala pansi pakhonde n'kumuyang'anitsitsa akudya. Anatola tsamba la kholowa, analitafuna kawiri, n'kuligwetsa. Anatolanso, mutu ataupendeketsa mbali imodzi, n'kuligwetsanso. Udzu ankangoufukula osadya. Nditagwira pansi pa chibwano panali ponyowa ndi dovu. Kalulu ndi nyama imene kuthengo imasakidwa ndi chilichonse, choncho amabisa matenda mpaka mphamvu zitatha. Amaoneka ngati akudya pamene sakudya. Pakanapanda manambala aja, ndikanazindikira patatha milungu ina iwiri kapena itatu, matumbo ataimanso.

Vuto linali mano. Kalulu ali ndi mano 28 ndipo onse amakula moyo wake wonse. Akutsogolo amakula mamilimita awiri kapena atatu pa sabata. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu kwa maola ambiri, nsagwada zikuyenda cham'mbali. Madeya ndi buledi sizipera kanthu. Miyezi isanu ndi inayi ija ya madeya inali itapotoza kakulidwe ka mano am'kati, ndipo limodzi linamera kansonga kakuthwa kamene kankacheka lilime. Akutsogolo, amene ife timatha kuona, anali bwinobwino. Anamugonetsa ndi mankhwala n'kupala nsongazo. Tinalipira K60,000, ndipo anatichenjeza kuti zikhoza kudzabwereranso, mwina kangapo pa moyo wake. Chimenechi ndi chipsera cha kulakwa kwanga chimene sichidzatha, ndipo panopa ndimapatula kandalama mwezi uliwonse m'kachitini kapadera.

Anachira msanga ulendo uno chifukwa tinafika asanafooke. Patatha masiku atatu anali akukoka udzu m'thumba yekha. Achimwene atabwera pa Khirisimasi anamunyamula, anamupapasa m'nthiti n'kunena kuti, "Achemwali, ameneyu ndiye mwamuondetsatu." Mwana anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kope lija, n'kuyamba kuwawerengera amalume ake tsamba ndi tsamba, kuyambira pa 4.1. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti sikelo yotereyi imagulidwa kuti, chifukwa ali ndi akalulu aakazi awiri obereketsa amene anenepa ndipo asiya kutenga bere.

Lamlungu lapitali tinayala kansalu m'beseni monga mwa nthawi zonse. Phulusa anazolowera tsopano, amangokhala phee, mphuno yokha ikugwedera, kudikira tsamba lake la chisoso. Manambala anavinavina n'kuima pa 3.19. Mwana analemba, anatukula mchira, anasisita nthiti ndi zala ziwiri, n'kuwonjezera m'mbali mwake kuti "kumbuyo koyera, ndowe zazikulu." Kope loyamba latsala masamba awiri kuti lidzaze, ndipo wandiuza kale kuti ndikamugulire lina.